Chitini Chowala cha Alamu

Ntchito yanga ndi yovuta kuifotokoza pamaliro. Kwathu ku Zemba ndi pamaliro pomwe anthu amapeza mpata wokufunsa mofatsa kuti kutauniko umagwira yotani. Ndikati ndine wa sayansi, amandionetsa chotupa cha pakhosi. Ndikati ndimagwira pa kompyuta, amandipatsa foni kuti ndiikonze. Choncho ndinazolowera kungoti ndimaphunzitsa ku yunivesite, ndipo nkhani imathera pomwepo.

Zoona zake n'zakuti ndimaumba mapuloteni m'kompyuta. Puloteni kwathu anthu amaidziwira kusikelo ya ana, komwe anamwino amati tizidya nyemba, nsawa ndi mazira. Koma puloteni imodzi payokha ndi kanthu kakang'ono zedi, koti ngakhale galasi la kuchipatala loonera tizilombo silingakaone. Kali ngati mkanda wautali wopindidwapindidwa. Ine ndimakamanga m'kompyuta kachidutswa ndi kachidutswa, n'kukaika m'madzi, pansi pake n'kuyalapo khoma. Khomalo nthawi zina ndimalisiya losalala, nthawi zina ndimalikumba timizere ndi timaenje. Kenako ndimauza makina malamulo a mmene tizidutswato timakokerana ndi kukankhana, n'kuwasiya awerengere chomwe chingachitike. Amatha masiku akuwerengera zinthu zomwe m'madzi enieni zimachitika usanaphethire n'komwe.

Zomwe ndakhala ndikuona n'zakuti pa khoma losalala puloteni imagwira ndi nsonga zochepa, ndipo madzi akhoza kuikokolola. Ikagwera m'kamzere koikwana, imagwira uku ndi uku ndi pansi pomwe, n'kuyamba kumasuka ndi kudziyala. Ikafika pamenepo, kuichotsa ndi nkhondo. Ukawonjezera kutentha imamasuka msanga, n'kumatirira monga limachitira dzira pa chiwaya. Si mapuloteni onse amene amatero, ndipo si khoma lililonse, n'chifukwa chake ntchitoyi siitha. Koma pa zomwe ndinaziyesa ndekha, sindifunsa munthu.

Chaka chomwe ndikunenachi ndinabwera kumudzi nthawi yotentha, mvula isanagwe, nditapatsidwa tchuthi choti ndilembe zomwe ndinapeza. Ndinkagona kwa amayi. Kompyuta yanga ndinkaitchaja pa sola ya mlongo wanga, ndipo netiweki inkapezeka pa chulu cha kuseri kwa khola. M'mawa uliwonse ndinkakwera pachulupo kutumiza ntchito ku makina aakulu a ku yunivesite, ng'ombe zikundiyang'ana ngati wamisala.

Mlongo wangayo amayendetsa lole, ndipo pakhomo amaoneka ngati mwezi. Amene ankagwira pakhomo pake ndi mkazi wake, alamu anga. Iwo kwawo ndi ku Mlolo. Mlongo wanga anakana chikamwini, anawatenga chitengwa, choncho pamudzi pathu analibe mbale ngakhale mmodzi. Ine ndi iwo tinkagwirizana kuyambira tsiku loyamba. Ndinkawatchula kuti mkazi wanga, iwo n'kumati mwamuna wotani wosadziwa kugula chitenje. Ndi munthu wosalankhulalankhula, koma akakuponyera liwu limodzi umakalimva bwino utafika kunyumba.

Ukhondo wawo unali wotopetsa. Pabwalo ankasesa mpaka nkhuku kusowa chotola. Mapoto awo ankawakwecha ndi mchenga wa kudambo ndi phulusa mpaka pathandala pawo pankathobwa m'maso dzuwa likakwera. Ndinkawaseka kuti tsiku lina adzaboola poto n'kutulukira mbali inayo. Ankangoti, "Alamu, mtengwa sakhala ndi poto wakuda. Wanu akada amati mwatopa, wanga akada amati ndi mtundu wathu."

Pakhomopo panali ng'ombe zamkaka zomwe zinabwera kudzera ku gulu la alimi a m'dera lathu. Alamu ankakama madzulo, n'kuimika chitini m'beseni la madzi ozizira, m'mawa n'kukamanso, n'kumangirira chitinicho panjinga kupita nacho kumsewu komwe gulu limalandirira mkaka. Kumeneko kuli bambo wina woyesa mkaka. Amatunga pang'ono m'kambale, n'kuthiramo sipiriti, n'kugwedeza. Mkaka wabwino umangosakanikirana. Womwe wayamba kusasa umadukaduka n'kuchita timibulu, ndipo umenewo amakubwezera anthu onse a pamzere akuona.

Ndinafika mkaka wa alamu utayamba kale kubwezedwa. Poyamba zinkachitika mwa apo ndi apo, kenako pafupifupi tsiku lililonse. Tinadya chambiko mpaka ana anayamba kuthawa akaona kapu. Alamu anachita zomwe munthu waukhondo aliyense akanachita. Anawonjezera mchenga, anawonjezera mphamvu, ndipo akangokhuthula mkaka ankathira madzi owira m'chitinimo nthawi yomweyo. Chitini chinawala ngati cha m'sitolo, mkaka n'kumabwererabe.

Pamjigo nkhani inayamba ndi uve. Koma uve sunawakhale, chifukwa aliyense ankaliona thandala lawo. Ndiye nkhani inakhota. Anthu anayamba kukumbutsana kuti mowa umasasa ngati wofulula sanadzisunge, ndipo mkaka ungasiyane bwanji ndi mowa. Mwamuna ali pamsewu miyezi, mkazi tsiku ndi tsiku ali panjinga kupita kumsewu komwe kumaima magalimoto. Manja ake ndi otentha, ankatero, n'kusiyira pomwepo. Palibe amene anatchula dzina la mwamuna aliyense, poti panalibe woti n'kumutchula.

Amayi anga ndi munthu wa mpingo, wa bulauzi yoyera, ndipo ukawafunsa pamaso pa abusa angakuuze kuti zimenezo n'zachikunja. Koma tsiku lina masana, tikusenda nsawa pakhonde, anandiuza osandiyang'ana kuti atumiza mawu kwa ankhoswe kuti abwere Loweruka.

"Adzatani?" ndinafunsa.

"Mnzakoyu akapume kaye kwawo. Mwini wake akadzabwera adzaona chochita."

Kupuma kumeneko ndimakudziwa. Mkazi akapita kukapuma kwawo ndi mbiri yotere sabwerera, ndipo ana amapita ndi mayi wawo, poti ndi a kuchikazi. Ndinaona nyumba ya mlongo wanga itatsekedwa, ana aja akukulira ku Mlolo akudziwa kuti kwa bambo awo anawatcha mayi awo dzina loipa. Mtima unandiwawa, ndipo ndinapsa nawo.

"Amayi, mukuthetsa banja chifukwa cha mkaka?"

"Ine sindinathetse kanthu. Mkaka wa anthu onse ukulowa. Ngakhale wa uyu," anatero akuloza ndi mlomo nyumba ya mayi wina woyandikana nafe, amene mbale zake zimagona panja ndi ntchentche zake zomwe. "Wa uyu ukulowa, wa mnzako waukhondoyu ukubwerera. Iwe wophunzira, tandiuza."

Mawu amenewo ankati anditseke nawo pakamwa, koma ndi amene ananditsegula maso. Ndinasiya nsawa n'kupita pathandala la alamu. Chitini chinali chozondotsa padzuwa. Ndinapisamo dzanja n'kuyendetsa chala m'kati. Kunja chinkawala, koma m'kati munali mokhakhala ngati lilime la ng'ombe. Nditachipendeketsa kuti dzuwa lilowe, ndinaona timizere ta mchenga topingasana paliponse, ndipo chakumunsi munali kautoto kotuwa kosachoka ndi chikhadabo. Ndinapita kwa mayi woyandikana nafe uja n'kupempha kuona chake. Anandipatsa mwamanyazi, akupepesa kuti sanachitsuke bwino. Kunja chinali chakuda ndithu, koma m'kati munali see, poti chiyambire sichinalawepo mchenga. Ankangochitsukuluza ndi sopo ndi kansanza.

Ndinaseka ndekha pakati pa njira. Zaka zonsezi ndinkakumba timizere m'kompyuta, osadziwa kuti alamu akukumba tawo kuseri kwa nyumba. Timizere tanga n'tating'ono kwambiri kuposa ta mchenga, zimenezo ndikudziwa, ndipo mnzanga wa ku yunivesite akanandikumbutsa msanga. Koma mzere wa mchenga m'kati mwake si wosalala, uli ndi tinatina tating'ono, ndipo nsanza siifika pansi pake. Mapuloteni a mkaka ankalowa m'menemo, madzi owira aja n'kuwaphikira momwemo. Pa utoto umenewo ndi pomwe tizilombo tosasitsa mkaka timamanga mudzi. Mkaka watsopano ukalowa umapeza eni nyumba akuudikira, ndipo kutentha kwa mwezi umenewo kunkangowathandiza.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, ndinaitana amayi ndi alamu pakhonde. Ndinatsegula kompyuta ndili ndi mtima wa munthu amene wapambana kale mlandu. Ndinawaonetsa kanema wa ntchito yanga, puloteni yopakidwa mtundu wobiriwira ikuvinavina m'madzi, ikutsika, ikulowa m'kamzere, kenako ikudzitambasula.

"Izi ndi zomwe zikuchitika m'chitini cha alamu," ndinatero.

Amayi anasendera pafupi, n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anabwerera m'mbuyo n'kukonza mpango wawo.

"Ndiye kuti muli mphutsi," anatero motsitsa mawu.

"Si mphutsi, amayi. Ndi puloteni. Ili mumkaka uliwonse, ndi imene imamanga thupi."

"Ine ndaona ndi maso anga chinthu chikuyenda. Chopanda moyo sichiyenda. Ndipo wanena wekha kuti ndi m'chitini mwake." Anatembenukira kwa alamu. "Ana aja akhala akumwa zimenezi?"

Alamu anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kudzuka kupita kukakama. Ndinawatsatira kukhola ndikuyesa kufotokoza, koma anandidula.

"Alamu, ndinali wa manja otentha. Tsopano ndine wa manja otentha wodyetsa ana mphutsi. Mukandithandizanso kamodzi, andiperekeza ndi miyala."

Ndinatseka kompyuta ija n'kuiika pansi pa chikwama. Koma sindinakayike ngakhale pang'ono kuti ndalondola. Cholakwika chinali chilankhulo, osati yankho. Ku ntchito kwathu, zomwe makina anena sitizikhulupirira mpaka wina ataziyesa ndi manja, ndipo poyesa umasintha chinthu chimodzi chokha, zina zonse n'kuzisiya mmene zilili. Pano zinthu zokayikitsa zinali ziwiri, manja ndi chitini. Ntchito inali kuzilekanitsa.

M'mawa mwake ndinawapeza amayi akusesa. Amayi anga suwagonjetsa ndi mfundo, umawagwira pa ulemu wawo.

"Amayi, manja anu ndi otentha?"

Anaimika tsache. "Ukulankhula ndi ndani?"

"Ndikufunsa chifukwa mudzi wonse ukudziwa kuti ndi ozizira. Chimwalirire abambo simunayang'anepo kumbali. Ndiye tengani chitini cha alamu. Mutsuke nokha mmene mumatsukira, mukame nokha, chigone m'nyumba mwanu, iwo asachikhudze. Iwo ndiwabwerekera chitini china. Mawa tipite tonse kumsewu. Wanu ukalowa, wawo n'kubwerera, Loweruka ankhoswe ndikawayalira mphasa ndine."

"Nanga zikakhala mwina?"

"Zikakhala mwina mudzadziwa nokha chochita. Ine sindingakuphunzitseni."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Sukulu inakupatsa mwano," anatero. "Bweretsa chitinicho."

Anachitsuka masana amenewo pabwalo, poyera, kuti odutsa aone. Anatuma ana kudambo kukatapa mchenga watsopano, anasefa phulusa, anakwecha mpaka thukuta kutsika m'khosi, n'kutsiriza ndi madzi owira. Ndinaima chapatali manja ali kumbuyo. Mtima unkafuna kunena, koma ndinauletsa, poti ankandigwirira ntchito yanga.

Vuto linali kwa alamu. Nditabwera ndi chitini cha mayi woyandikana nafe, anachigwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Mukuti ndiike mkaka wanga m'menemu?"

"Mutsuke kaye, koma mmene ndikuuzireni ine. Muyambe ndi madzi ozizira. Kenako ofunda, a sopo, ndi kansalu kofewa. Owira abwere pomaliza, mukatsimikiza kuti mulibenso mkaka. Mukatero muchizondotse padzuwa."

"Mchenga?"

"Ngakhale kambewu kamodzi."

Anachita zonse mmene ndinanenera, nkhope ili gwa. Nditangotembenuka kuti ndikamwe madzi, ndinamva kaphokoso kodziwika. Ndinawapeza atatapa kale mchenga m'dzanja, akuti angokwecha kunja kokha. Ndinawagwira mkono.

"Kunja kokha, alamu. Anthu akaona chitini chotere panjira adzati chiyani?"

"Adzati n'chakuda. Mkazi wanga, lero lokha lolani kukhala wauve."

Anautaya mchengawo, koma anandiuza kuti mwamuna ngati ine akanamusiya kalekale.

Pa kukama panabukanso nkhani. Amayi ankafuna kuti iwo akame ng'ombe imodzi, alamu ina. Ndinakana, poti mawa wina akanati vuto ndi ng'ombe. Ndinati ng'ombe iliyonse aikame onse awiri, wina mawere a mbali iyi, wina a mbali inayo, aliyense m'chitini chake. Choncho madzulo amenewo, ndi m'mawa mwake, munthu ndi mpongozi wake ananjuta pansi pa ng'ombe imodzi, mitu itatsamira mimba yomweyo uku ndi uku, osalankhulana. Amayi anali atasiya kukama kalekale chifukwa cha maondo, koma manja sanaiwale. Ng'ombe yokha ndi imene inkatembenuka kuyang'ana uku ndi uku, kudabwa ulemu umenewu.

Amayi sakwera njinga, choncho tinamanga ngolo. Ndinayendetsa ndine, poti madigiri sanandilande zimenezo. Amayi anakhala kutsogolo atakumbatira chitini chowala chija, alamu kumbuyo ndi chakuda chija, atachifunditsa thumba lonyowa. Amayi ataona thumbalo anafuna lawo, ndipo ndinawapatsa, kuti pasakhale kusiyana.

Apa ndinene zoona. M'njira mantha anandigwira. Ngolo imayenda pang'onopang'ono kuposa njinga, ndipo dzuwa linali litayamba kale kuluma. Ndinayamba kuwerengera m'mutu zonse zomwe m'kompyuta mulibe: fumbi la m'khola, nsalu yosefera, madzi a pamjigo, ntchentche imodzi yopanda ulemu. Zitini zonse ziwiri zikanatha kubwezedwa, ndipo amayi akanati mkaka wa ng'ombe yomwe yakhudzidwa ndi manja aja ungalowe bwanji. Zonse ziwiri zikanathanso kulowa, ndipo akanati chitini chija chayera chifukwa chagwiridwa ndi iwo. Njira yotipulumutsa inali imodzi yokha. Makina anga sanalonjezepo kanthu za ngolo ya ku Zemba, amene analonjeza ndine, ndipo ndinalonjeza pa banja la munthu wina. Ndinakwapula ng'ombe zosalakwa kuti zifulumire.

Kumsewu tinapeza mzere. Anthu atationa tikutsika atatu, nkhani zinazima, kenako zinayambiranso motsitsa. Ena anali omwe aja a pamjigo. Amayi anapereka moni kwa aliyense mwaulemu wonse, n'kuima pamzere mutu uli m'mwamba.

Alamu ndi amene anayamba. Bambo woyesa mkaka uja anayang'ana chitini chakudacho, n'kuyang'ana iwo. Anatunga, anathira sipiriti, anagwedeza kambale, n'kukapendeketsa padzuwa. Mkaka unayenda bwinobwino m'kambalemo, woyera, wopanda kambulu ngakhale kamodzi.

"Uwu walowa," anatero. "Khuthulani uko."

Alamu sanasunthe. Ndinachita kuwakankha ndi chigongono.

Kenako amayi anaika chitini chowala chija patebulo. Bamboyo anachizindikira, poti anali atachibweza kambirimbiri. Anatunga, anathira, anagwedeza. Sindinafunikire kusendera pafupi. Timibulu tinamatirira m'mbali mwa kambale, anthu a kutsogolo kwa mzere n'kutiona tonse.

Bamboyo anapukusa mutu. Ankaganiza kuti amayi angomunyamulira mpongozi wawo, ndiye analankhula mowamvera chisoni. "Amayi, chitini ichi chatitopetsa. Mwini wakeyu mukamulangize kunyumba. Kaya ndi kutsuka, kaya n'chiyani, inu akuluakulu mukudziwa."

Pamzere wina anatsokomola. Apa amayi akanatha kungonyamula chitini chawo n'kubwerera kungolo, ndipo palibe akanadziwa. Ine ndinali nditatsegula kale pakamwa, koma anandiyang'ana ndi diso lomwe ankandiyang'ana nalo ndili mwana m'tchalitchi, ndipo ndinatseka.

"Ndatsuka ndine," anatero. Sanakweze mawu, koma anafika mpaka kumapeto kwa mzere. "Ndakama ndine, ndipo chagona m'nyumba mwanga. Mwana uyu sanachikhudze. Wake ndi umene mwalandirawo."

Bamboyo anavula chipewa, n'kuchivalanso, kusowa chochita nacho. Amayi anatseka chitini chawo, anachisenza okha pamutu, n'kuyenda kupita kungolo osathamanga. Ndakhalapo m'misonkhano ya anthu ophunzira kwambiri, ndipo ndi ochepa amene ndinawaona akuvomera zotsatira zowatsutsa pamaso pa anzawo. Tsiku limenelo ndinanyadira kuti ndinabadwa kwa mayi ameneyu.

Pobwerera, titadutsa minda ya thonje, amayi anapisa dzanja m'khosi mwa chitini chija, n'kuyendetsa chala monga ndinachitira ine.

"Ndiye ukuti ndi mchenga?"

"Ndi mchenga, amayi, ndi madzi owira othira mkaka usanachoke."

"Mapoto tonse timakwecha ndi mchenga."

"Poto amabwerera pamoto tsiku lililonse, zotsalira zimapsa. Mkaka umalowa wosawiritsa n'kugona momwemo."

"Nanga mphutsi zija?"

"Ndinazijambula ndine. Mtundu wobiriwirawo ndinasankha ndekha."

"Unasankha moipa," anatero, n'kuyang'ana kumbali.

Za ankhoswe sanatchule. Ndinadikira njira yonse, ndinadikira tikumasula ng'ombe, koma analowa m'nyumba mwawo n'kutseka chitseko. Loweruka linali mkuja. Ndinayamba kuopa kuti ndapambana mlandu wa chitini wokha, poti munthu akhoza kuvomera za mchenga pamsewu koma mumtima n'kusunga zina. Alamu nawo sanafunse. Anabweza chitini cha eni ake, anathyola nkhwani kudimba, n'kukhala m'khitchini kusinja nsawa zotendera. Ine ndinakhala pakhomo pa khitchinipo kuwathandiza kusadzula, ndikuyesa nthabwala zomwe sizinkagwira.

Ndiwo zitatsala pang'ono kupsa, ndinaona alamu akutenga kambale n'kuyamba kupatula zina pambali. Nthawi yomweyo chithunzithunzi chinatseka khomo. Anali amayi. Chibwerere ine ndinali ndisanawaonepo akufika pakhitchini imeneyi.

"Mwathira kale mchere?" anafunsa.

Alamu anagwada. "Ayi, amayi. Ndikupatula kaye zanu ndi za ana, monga mwa masiku onse. Mwabwera ndi mchere wanu?"

"Bwezerani mumphika," anatero amayi. "Thirani inuyo. Tidya zomwezo tonse."

Anatembenuka n'kubwerera kunyumba kwawo. Alamu anakhalabe chogwada, kambale kali m'manja. Ine ndinayang'ana kambaleko, n'kuyang'ana iwo, ndipo pamenepo m'pamene ndinamvetsa. Kwathu mkazi amene akumuganizira kuti wayenda kumbali saloledwa kuthira mchere m'ndiwo, poti amati adula nawo ana ndi okalamba, adwala kutupa.

"Kuyambira liti?" ndinafunsa.

"Inu musanabwere."

"Ndi za ana anu omwe?"

"Za ana ndiye zinayamba. Amathira okha agogo awo, kunyumba kwawo." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Zanu ndinkathira, alamu. Ndinkati inu a sayansi simutupa."

Masabata onse aja ndinkadya pakhomopo, ndikukwera chulu ndi kutsika, ndikuona tinthu tosaoneka ndi maso, osaona kuti mayi akuphikira ana ake ndiwo zomwe saloledwa kuzimaliza.

Alamu anabwezera ndiwo zija mumphika. Anafikira chikho cha mchere pa alumali, anatapa n'kuthira. Anatapanso n'kuthira.

"Ndiye kuti sindikupita," anatero, akuvundula, osandiyang'ana.

Madzulo amenewo tinadyera pamodzi pabwalo, ana atakhala pakati. Ndiwo zija zinawawa mchere moti wamng'ono anakwinya nkhope n'kuyang'ana agogo ake. Amayi anadya mbale yawo yonse, n'kuitambasula kuti awawonjezere.